Sefa Imene Ndinachotsa pa Tsamba la Maliro

Joe Slovo Park, Cape Town
12 Malichi 2023

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu ndi wa amayi. BP ya amayi yatsikako? Nanga bondo lanu lija likukulolani kukwera njinga? Ine kuno ndili bwino, kupatula mphepo imene imalowetsa mchenga mpaka m'mano.

Ndabwerera ku pepala ndi cholembera chifukwa cha makutu anuwo. Pafoni mumangoti "eya, eya" ku chilichonse, kenako n'kupatsira amayi, amayinso n'kuyamba kundifunsa za ukwati. Choncho ndizilemba, a Golden a basi azikusiyirani pa Nsipe pamodzi ndi katundu. M'katoni muli bulangeti, mankhwala opaka bondo ndi mafuta ophikira. Mafutawo ndi a pakhomo, si ogawira mpingo wonse.

Nkhani yabwino ndi yakuti mopu ndausiya theka. Lolemba ndi Loweruka ndikukolopabe ku Sea Point, koma masiku enawo ndili ku Epping, pa kakampani ka anthu asanu kamene kamapangira ogulitsa zipatso masamba a pa intaneti. Ndinalowa monga wosesa. Tsiku lina eni ake, a Zakiyya, anandipeza nditaima ndi tsache kumbuyo kwa mnzawo ndikuwerenga zimene ankalemba pa kompyuta. Atandifunsa ndinawauza za dipuloma ija munandigulitsira ng'ombe. Andipatsa mpando mpaka Disembala. Akakhutira, andilemba ntchito yeniyeni.

Ntchito yanga ndi yoyesa kuthyola nyumba imene anzanga amanga, akuba asanayese. Ndikufotokozereni potengera ntchito yanu. Pa maliro inu monga mlembi mumaimirira n'kuwerenga chipepeso, timapepala tikubwera kuchokera kwa aliyense. Tiyerekeze wina walemba pa kapepala kake kuti, "Abale onse apereke makiyi a nyumba zawo kwa munthu wa malaya ofiira." Mukawerenga musanayang'ane, anthu amva mawuwo kuchokera pakamwa panu, pakamwa pamene amakhulupirira, ndipo ena apereka. Tsamba la pa intaneti ndi mlembi wotero, koma wopanda nzeru zanuzo. M'bokosi lolembamo ndemanga munthu akhoza kulemba malamulo a kompyuta m'malo mwa mawu, ndipo foni ya aliyense wotsegula tsambalo imawamvera poyesa kuti achokera kwa eni tsamba. Akatswiri amati XSS. Mankhwala ake ndi sefa. Chilichonse chimene mlendo walemba chizidutsa pamenepo n'kutuluka chili zilembo wamba, zongowerenga, zosalamula kanthu. A Zakiyya amandibwerezera zimenezi ngati katekisimu.

Mbiri yanga yafika ku Tisasiyane, bungwe lathu la maliro limene limatumiza kumudzi wina wa ife akatisiya. Buku la mayina linanyowa ndi mvula ya chaka chatha, ndiye apampando athu a Jerome andipempha ndiwapangire tsamba. Mlembi wa bungwe mukumudziwa: a Selina, mwana wa a Nachisale a kuseri kwa msika wa Kampepuza, amene amaluka tsitsi mu kontena kuno. Ndi aja anandigoneka pansi m'nyumba mwawo miyezi inayi nditangofika. Ndikanakana bwanji?

Mupereke moni kwa amayi. Muwauze kuti mwamuna ndikufunafunabe, koma akubisala.

Ndine mwana wanu,
Ndaziona

23 Epulo 2023

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti chimanga cha ku dimba chachita. Ine ndili bwino, kungoti kwayamba kuzizira. Musathamangire kugulitsa nyemba kwa mavenda, dikirani mwezi wa Ogasiti.

Tsamba la Tisasiyane latha. Lili ndi zipinda ziwiri. Chamkati muli mayina a mamembala onse 212, kumene aliyense amakhala, ndi nambala ya foni ya m'bale wa kumudzi woti auzidwe zinthu zikavuta. Pa dzina langa ndinalemba nambala yanu. Makiyi a chipinda chimenechi ali ndi a Selina ndi a Jerome okha. Chakunja ndi cha zidziwitso za maliro, ndipo aliyense akhoza kulembapo chipepeso.

Lamulungu lapitali ndinakaonetsa ntchitoyi ku msonkhano. Ndinavala diresi yabwino poyembekezera m'manja. M'manja munaombedwadi, mpaka akazi a a Jerome atayesa kuikapo nkhata. Pali masamba ena kumene anthu amakopera nkhata za maluwa, makandulo oyaka ndi zilembo zagolide n'kukamata kumene akufuna. Zimenezo mkati mwake ndi malamulo a kompyuta, ndiye sefa yanga inachita ntchito yake. M'malo mwa maluwa panatuluka mizere isanu ya zizindikiro zosamveka.

A Jerome anayang'ana foni, anandiyang'ana ine. "Sisi, izi zikuoneka ngati silipi ya ku banki. Maliro ake ati opanda nkhata?"

Ndinafotokoza za mlembi ndi kapepala, monga ndinakufotokozerani inu. Ndinati mwina tiziyamba talembetsa munthu dzina ndi nambala asanaike chilichonse.

"Eish, mwana wa kwathu," anatero a Jerome, "kwanu ku Ntcheu mumafunsa munthu pasipoti pakhomo pa siwa? Wobwera kudzalira ndi wobwera kudzalira. Ife thupi sitiliona likutsika m'manda, nkhata yeniyeni sitiika. Tatsala ndi kameneka basi, ndiye mutilandenso?"

Chipinda chonse chinavomereza. Bambo, mawu amenewo anandilowa, chifukwa ndi oona. Timasonkha, timaperekeza bokosi mpaka pa galimoto, n'kubwerera ku ntchito ngati palibe chachitika. A Selina okha anandinong'oneza kuti, "Ngati ukuona kuti n'zoopsa, limba, ine ndikuikira kumbuyo." Koma ine ndinali nditamva kale mayi wina kumbuyo akuti ana a sukulu amaiwala mwambo. Ndinachita manyazi.

Madzulo ake sefa ndinaichotsa, pa bokosi la chipepeso lokhalo. Ndinadziuza kuti ndani angabe pa maliro, ndiponso ndani akudziwa kuti ku Joe Slovo kuli katsamba ka anthu osauka. Nkhata tsopano zikutuluka bwino, makandulo akuphethira. A Zakiyya sindinawauze, si ntchito ya ku kampani.

Ndatumiza juzi ya amayi, yofiirira. Ngati yakula asapatse munthu, apinde manja.

Mwana wanu,
Ndaziona

4 Juni 2023

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Ine chimfine chinandigwira sabata yatha koma chapita. Mvula ya kuno imagwa nthawi yozizira, dziko lotembenuka. Denga likudontha pamwamba penipeni pa bedi, ndiye ndimagona ngati chilembo cha C.

Tinali ndi zovuta. A Edmund, mmisiri womanga nyumba wa ku Thyolo, anatisiya atadwala masiku ochepa. Thupi linanyamuka Lachinayi. Aka kanali koyamba tsamba lija kugwira ntchito, ndipo mukanaona, Bambo. Mauthenga oposa mazana atatu, ochokera ku Joni, ku Durban, ngakhale ku Thyolo komweko. Mkazi wa malemu anaimba foni kuti ana amuwerengera onse ndipo mtima wake watsikako. A Jerome tsopano amanditcha "injiniya wathu". Sindibisa, zinandikoma.

Nkhata yoposa zonse inachokera kwa munthu amene palibe akumudziwa. Anangolemba kuti "Mnzanu mwa Ambuye". Maluwa oyera, nkhunda ziwiri zikukupiza mapiko. A Selina aikonda moti amaionetsa kwa aliyense wobwera kudzalukitsa.

Ndinkati maliro akatha ndipeze njira yobwezeretsa sefa ija popanda kukhumudwitsa anthu. Koma ku Epping ntchito yachuluka, magetsi akuzimazima, ndipo munthu safulumira kukonza chinthu chimene aliyense akuchiyamikira. Ndichita mwezi wa mawa.

Feteleza musadandaule, tikambirana nthawi ikayandikira.

Ine mwana wanu,
Ndaziona

6 Ogasiti 2023

Bambo ndi Amayi,

Ndili moyo. Tinalankhulana kale pafoni Lachisanu, koma ndikudziwa kuti Bambo simunamve bwino mawu anga, ndiye nali dzanja langa. Muliyang'ane, ndi lomwe lija loipa munkandikalipira nalo ku pulayimale. Sindinagundidwe ndi galimoto, sindinagone m'chipatala, ndilibe ndi bala lomwe. Amayi ali bwanji tsopano? Azimwa mankhwala amene anapatsidwa ku chipatala osadumphitsa, ndipo asapite ku dimba mwezi uno.

Zinayenda chonchi. Lachinayi masana ma taxi onse analeka kuyenda chifukwa cha sitiraka. Tinatuluka ku Epping wapansi, khamu la anthu mumsewu, ena atanyamula nsapato m'manja. Foni yanga inazima ndisanafike ndi theka lomwe, ndipo kunyumba ndinapeza magetsi kulibe. Ndinagona osadziwa kuti kwathu kwasonkhana anthu, kuti mipando mwatulutsa panja, kuti amayi agwa pakhomo. Pamene ndimayatsa foni m'mawa ku ntchito, ndinali nditamwalira maola khumi ndi asanu ndi limodzi.

Munthu amene anakuimbirani kuti ndamwalirayo ankadziwa dzina langa, dzina lanu, dzina la bungwe ndi mzere wa nyumba yanga. Anasankhanso tsiku limene wailesi zinali kunena za chipwirikiti cha kuno. Inu munalakwa chiyani kukhulupirira? Amayi andiuza kuti munthuyo atayamba za ndalama ya bokosi, inu munawauza amufunse kuti, "Mwana wanga anamwalira ali ndi ndani pambali pake?" ndipo iye anadula foni. Ndinalira nditamva zimenezo. Mukanafunsa za china chilichonse sindikanalira chonchi.

Si inu nokha. Mabanja khumi ndi limodzi a mamembala athu anaimbiridwa tsiku lomwelo, ku Mangochi, ku Mulanje, ku Dedza. Anayi anatumiza ndalama. Agogo ena ku Mulanje anagulitsa malata amene mwana wawo anawagulira. Dzulo ndi lero takhala tikuimbira mabanja onse kuti wina akaimba za maliro, asachite kanthu asanalankhule ndi a Jerome.

Anthu kuno akwiya kwambiri. Aliyense akufunsa funso limodzi, kuti manambala a kumudzi anatuluka bwanji. Lamulungu likudzali kuli msonkhano, ndipo andiuza kuti ndibwere ndi kaundula wa tsamba, amene amasonyeza amene analowa m'chipinda chamkati ndi tsiku lake. Tsambalo ndalitseka kaye.

Muwathokoze onse amene anabwera kudzakhala nanu. Ufa ndi nkhuni zimene anabweretsa musabweze, n'zamwano. Ndidzawathokoza ndekha ndikadzabwera.

Ndine, wamoyo,
Ndaziona

20 Ogasiti 2023

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi amayi. Ndamva kuti amayi ayamba kukhala panja ndi kudya bwino, Mulungu alemekezeke. Ine thupi lili bwino, tulo ndi tomwe tikuvuta.

Ma taxi anayambanso kuyenda. Zinthu m'mashopu zakwera, mazira sitikuwayandikira. Nyemba zija mukhoza kugulitsa tsopano, koma musiye thumba limodzi la mbewu.

Msonkhano unachitika. A Jerome anandiimiritsa n'kundifunsa kuti kaundula akusonyeza chiyani. Ndinati akusonyeza kuti pa 31 Meyi mayina onse anatsegulidwa ndi kukoperedwa. Anafunsa kuti ndi kiyi ya ndani. Ndinati ya a Selina. Sanandifunsenso china, ndipo ndinakhala pansi.

A Selina anaimirira n'kunena kuti iwo sanachite, ndipo sadziwa n'komwe kukopera kwake. Palibe anawamvera. Bambo wina amene amayi ake anatumiza ndalama anachita kugwiridwa kuti asawamenye. Anawalanda buku ndi ulembi pomwepo. Chiyambire tsiku limenelo ku kontena kwawo sikukupita munthu. Wina analemba ndi penti pachitseko kuti "wogulitsa amoyo". Mwina mwamva kale, poti nkhani zoipa sizidikira basi ya a Golden.

Zimene ndinanena ndi zoona, Bambo, kaundula akuterodi. Kungoti pali kanthu kena ndinapeza nditatsegula mkati mwa nkhata ya nkhunda ija. Ndikufufuzabe. Ndi zinthu zovuta kufotokozera anthu amene akwiya, ndiponso mukudziwa kuti Disembala ali pafupi ndipo a Zakiyya amamva zonse za Amalawi kudzera kwa dalaivala wawo. Munthu wolembedwa kuti azitseka mabowo olowera akuba, tangoganizani. Ndikufuna ndiyambe ndatsimikiza.

Ndinadutsa pa kontena Lachitatu. A Selina anali atakhala pakhomo akumasula mesh yakale yolukira tsitsi. Ndinawapatsa moni, anayankha bwinobwino, mpaka kundifunsa za amayi. Ndinanama kuti ndikuthamangira basi.

Mundipempherere.

Ndaziona

10 Seputembala 2023

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino ndi amayi. Ine ndilipo. Kalata yanu a Golden anandipatsa Lachiwiri. Chiyambire simunandilemberepo kalata ya mizere iwiri, yopanda moni, yopanda za mvula. "Pamene iwe ukufufuza, mwana wa a Nachisale akudya chiyani? Amayi ake aleka kubwera ku tchalitchi." Ndinaiwerenga nditaima pa depoti.

Ndinakunamizani. Panalibe chofufuza. Ndinadziwa zonse msonkhano uja usanachitike. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: kuseri kwa nkhunda zija kunali mizere itatu ya malamulo. Munthu akalowa m'chipinda chamkati ndi pasiwedi, foni yake imapatsidwa kachiphaso kosaoneka kuti asamafunsidwe pasiwedi mobwerezabwereza. A Selina atatsegula nkhata ija, foni yawo inamvera malamulowo, inakopera kachiphaso kawo n'kukatumiza kwa "Mnzanu mwa Ambuye". Iye analowa atavala dzina la a Selina. Kaundula yemweyo ankasonyeza kuti wolowayo sanali pa foni yawo. Mzere umenewo ndinauona, koma sindinauwerenge pa msonkhano. Iwo kulakwa kwawo kunali kukonda maluwa. Khomo ndinatsegula ndine, ndikudziwa kuopsa kwake.

Lachitatu m'mawa ndinauza a Zakiyya. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anati, "Bowo aliyense amasiyapo kamodzi, ine ndinasiyapo awiri. Koma masabata atatu uli chete, mnzako akutukwanidwa? Pa zimenezo ndilibe sefa." Za Disembala anati aganiza kaye. Sindinawapemphe kanthu.

Komabe anakhala nane masana atatu kukonza tsambalo. Sefa yabwerera, ndipo chilichonse cholembedwa ndi mlendo chikutuluka chili zilembo wamba. Nkhata zilipo, koma ndi zathu: tajambula khumi, munthu amangosankha imene waikonda, kumata ya kwina sikutheka. Kachiphaso kaja takabisa moti malamulo a pa tsamba sangakakhudze. Tsambalo taliuzanso kuti lizikana lamulo lililonse losachokera m'nyumba mwake. Manambala a kumudzi tawachotseratu pa intaneti. Zonsezi zinali ntchito ya masiku atatu, Bambo. Mu Epulo ndikanakhala pansi masiku atatu, anthu akanapeza nkhata zawo, amayi sakanagwa pakhomo.

Lero ndinaima pa msonkhano n'kunena zonse, kuyambira madzulo amene ndinachotsa sefa mpaka mzere umene ndinaubisa. Nditamaliza, a Jerome anati, "Nafenso tinamukakamiza mwanayu." Anati a Selina abwezeredwe buku lawo ndipo komiti ikawapepese.

Ndinkayesa kuti zithera pamenepo. Potuluka ndinamva amayi awiri akuti, "Ndi a kumodzi amenewa, akubisana. Foni ingabe yokha?" Pa msonkhano wa mu Ogasiti uja panali anthu oposa zana. Lero tinalipo makumi atatu, ndipo a Selina sanabwere. Ndikupita kwawo ndikangomata envulopuyi.

Chonde mupite kwa a Nachisale mukawawerengere kalatayi yonse, osadumpha pamene pali dzina langa.

Mwana wanu,
Ndaziona

1 Okutobala 2023

Okondedwa Bambo,

Moni wa masiku. Ndakondwa kumva kuti amayi ayambanso kupita ku kwaya. Ine ndili bwino. Kuno kwayamba kufunda, denga ndamata. Zikomo kuti munapita ku Kampepuza. Mwalemba kuti a Nachisale anamvetsera mpaka kumapeto, n'kukupatsani madzi akumwa. Mwana wawo nayenso anandimvetsera mpaka kumapeto.

Tsiku lija a Selina ndinawapeza akuchapa. Ndinagwada pa simenti yonyowa n'kunena zonse. Sanasiye kuchapa. Nditamaliza anati, "Ndinadziwa kuti ukudziwa kanthu. Lachitatu lija unalephera kundiyang'ana m'maso." Ndinapempha kuti andikhululukire. Anati, "Za sefa zakozo ndakukhululukira, zinthu zimalakwika. Koma pa msonkhano paja ndinkayang'ana iwe, Ndaziona. Anthu zana akukuwa, ine maso ali pa iwe. Zimenezo undipatse nthawi."

Komiti inapita kukapepesa. Penti ya pachitseko ndinakapala ndekha Loweruka, anthu akuona. Ndinalemba uthenga wofotokoza zonse n'kuutumiza kwa membala aliyense. Ndinayenda khomo ndi khomo kwa makasitomala awo akale amene ndikuwadziwa. Anabwerera atatu. Enawo anapeza kale kolukitsa kwina, ndipo amati akumva, koma mitu yawo safuna igwiridwe ndi manja amene anatchulidwa pa nkhani ya maliro. Lendi ya kontena sidikira kuti anthu asinthe maganizo. Buku la bungwe a Selina analikana.

Akubwerera kumudzi, Bambo. Zaka khumi ndi chimodzi kuno, ndipo akubwera ndi zikwama ziwiri ndi makina oumitsira tsitsi. Ana awo awiri amene amawalipirira sukulu ku Balaka sindikudziwa kuti zitha bwanji. Ndinawapempha kuti ndizithandizako, anati ndilankhule ndi amayi awo, iwo sangalandire m'manja mwanga. Zimenezo tidzakambirana ine ndi inu. A Zakiyya sananenebe kanthu za Disembala, ndipo ndaona kuti sindikuziganizira monga kale.

Kalatayi ikwera basi imodzi ndi a Selina Lachiwiri, koma tsiku lofika ndi pempho lili m'munsili ndawauza kale amayi pafoni kuti akuuzeni mokweza. A Golden akuti akapanda kuchedwa pa malire, adzaima pa Kampepuza Loweruka m'mawa. Amayi akuti pamsikapo mpaka lero anthu amanena kuti mwana wa a Nachisale ankagulitsa amoyo ku Joni, ndipo ine sindingafike pa benchi iliyonse kukafotokoza za kachiphaso.

Ndiye ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo ndikudziwa kuti bondo likuvutani. Mukakhale pa siteji basi isanafike. Muvale jekete lanu lakuda. Akatsika, musawauze za ine, musapepese m'malo mwanga. Mungowalandira chikwama n'kuyenda nawo limodzi kudutsa pakati pa msika mpaka pakhomo pa amayi awo, pang'onopang'ono, aliyense aone amene wawanyamulira. Akakana kamodzi mupemphenso. Chachikulucho ndi chobiriwira, chogwirira chake chinaduka mbali imodzi, ndiye mutenge chingwe.

Ndine mwana wanu,
Ndaziona